Mizere 30 ya Ryan Arabejo

Aliyense amene anagwirapo ganyu wa mizere akudziwa kuti mzere woyamba umanamiza. Khasu limakhala lopepuka, msana uli bwinobwino, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, ndipo umaona ngati ndime yonseyo uikwangula nthawi ya phala isanakwane. Zoona zake zimatulukira cha ku mzere wa 18 kapena wa 20, pomwe matuza ayamba kutuluka m'manja, mpini ukuterera ndi thukuta, ndipo malire a ndime akuoneka ngati wina akuwasunthira kutsogolo mwadala. Pamenepo m'pamene amadziwika wolima weniweni. Ndayambira kumunda chifukwa ndikufuna tikambirane za mnyamata wina wa ku Philippines amene ntchito yake, mukaiyang'anitsitsa, inali yomweyi, kungoti iye ankaigwirira m'madzi.

Dzina lake ndi Ryan Arabejo. Anabadwa mu 1989, ndipo ankapikisana pa kusambira mtunda wautali, makamaka mamita 1,500. Anapambana mendulo yagolide pa mtunda umenewu kawiri motsatizana pa masewera a mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia otchedwa SEA Games, mu 2007 ndi mu 2009. Pakati pa zaka ziwirizi anakaimira dziko lake ku masewera a Olimpiki a ku Beijing mu 2008, komwe sanafike n'komwe mu fainolo. Wina atha kufunsa kuti, nanga munthu wapamwamba kwawo n'kukathera m'chipulula kunja, ndiye kuti anali katswiri kapena ayi? Funso limenelo silingayankhidwe tisanaone kaye munda womwe ankalimamo.

Dziwe lochitiramo mipikisano ikuluikulu ndi lotalika mamita 50, ngati theka la bwalo la mpira. Analigawa m'timipata ndi zingwe zoyandama, kampata kalikonse mamita awiri ndi theka m'lifupi, ndipo wosambira aliyense amapatsidwa kake. Ndiwo mzere wakewo. Kuti akwanitse mamita 1,500 ayenera kupita ndi kubwera mpaka mizere ikwane 30, ndipo amakhota kukhoma ka 29. Palibe kuyima kuti uwongole msana, palibenso kumwa thobwa pakati pa ndime. Pa mipikisano yonse ya m'dziwe ku Olimpiki, umenewu ndiwo wautali kwambiri. Kasambiridwe kake amakatcha freestyle, ndipo malamulo amalola munthu kusambira mmene akufunira, koma onse amasankha njira imodzi yomwe ili yachangu kuposa zina: kugona chafufumimba, manja n'kumasinthana kupalasa, miyendo ikumenya madzi kumbuyo.

Mukamaonera pa kanema zimaoneka ngati akuuluka, koma liwiro lake si lalikulu ayi. Munthu amene wamaliza mamita 1,500 pa mphindi 15 ndi theka wayenda pa liwiro losafika makilomita 6 pa ola. Inu mutakhala m'mbali mwa dziwelo n'kumayenda ndawala, mutha kumapita naye limodzi. Chovuta n'chakuti madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800. Wothamanga pamtunda amang'amba mphepo, koma wosambira amakankha chinthu cholemera chomwe chikumukankhanso. Akati awonjezere liwiro pang'ono, madzi amamubweza ndi mphamvu yoposa imene wawonjezerayo. Choncho munda wa Arabejo sunali wa mchenga. Unali wa makande, dothi logwira khasu lija, lomwe limalanga munthu wopupuluma.

Tsopano taonani dzanja la wosambira. Kumunda kuli alimi a mitundu iwiri, ndipo nonse mumawadziwa. Wina amagwetsa khasu pafupipafupi, phokoso lambiri, fumbi koboo, koma dothi lomwe akukoka ndi lochepa ndipo mzere wake umatuluka wowonda. Wina amaoneka ngati waulesi. Amakweza khasu mosathamanga, limalowa mozama, amakoka dothi lodzaza, n'kusuntha phazi. Pofika masana, wachiwiriyu amakhala ali patsogolo ndipo sakupumira m'mwamba. Kusambira mtunda wautali kumafuna mlimi wachiwiriyu. Dzanja limalowa m'madzi kutsogolo kwa phewa, limatambasuka, kenako chikhatho ndi mkono zimapindika kuloza pansi chigongono chili m'mwamba, n'kugwira madzi ochuluka. Akatswiri amati usaganize kuti ukukokera madzi kumbuyo, koma kuti wagwira pamalo olimba ndipo ukudzikokera wekha kutsogolo. Wosambira wabwino amapalasa ka 30 kapena ka 40 pa mzere umodzi. Mukachulukitsa ndi mizere 30 mupeza kuti manja azungulira pafupifupi ka 1,000. Ngati pa kupalasa kulikonse akutaya mtunda wongofanana ndi kutalika kwa chala, pamapeto pake wataya mamita ochuluka, ndipo anzake amuthawa iye osadziwa pomwe zalakwika.

Miyendo nayo ili ndi nkhani yake. Minofu ya m'ntchafu ndi ikuluikulu ndipo imadya mpweya wambiri, koma pa kusambira imakankha pang'ono poyerekeza ndi manja. Wosambira mamita 50 kapena 100 amamenya miyendo mwamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza chifukwa ulendo wake ndi waufupi. Ambiri a mamita 1,500 amangoigwedeza pang'ono, yongothandiza kuti chiuno chisamire, n'kuisungira mizere iwiri kapena itatu yomaliza. Kupuma nako sikuchitika nthawi imene munthu wafuna. Nkhope imakhala m'madzi, mpweya amautulutsira momwemo, kenako amapendeketsa mutu cham'mbali, pakamwa pokha n'kutulukira, n'kukoka mpweya mofulumira dzanja lisanabwerere. Akadzutsa mutu kwambiri, miyendo imamira ndipo thupi lonse limasanduka chipika chokokedwa chopingasa.

Pakhoma m'pamene pali kusiyana pang'ono ndi kumunda. Wolima akafika kumalire amapeza mpata wowongoka, kulavulira m'manja ndi kuyang'ana dzuwa. Wosambira akafika kukhoma amapinda thupi, kudzigudubuza chamutu, mapazi n'kugunda khoma, n'kudzikankha mwamphamvu manja atawatambasula pamodzi kutsogolo. Lamulo limangofuna kuti chiwalo chilichonse cha thupi chikhudze khomalo, ndipo mutu uyenera kutulukira pamwamba asanadutse mamita 15. Nthawi imeneyi sapuma. Koma ndi pomwe amakhala pa liwiro lalikulu kuposa pena paliponse mu mzerewo, chifukwa khoma ndi chinthu chokhacho cholimba chomwe angapondepo. Wotaya theka la sekondi pa kukhota kulikonse wataya masekondi oposa 14 pa mpikisano wonse, ndipo pa masewera amenewa masekondi 14 ndi mtunda wa pakati pa golide ndi kubwerera chimanjamanja.

Chachikulu pa zonsezi ndi kugawa mphamvu. Akatswiri a mtunda umenewu amayesetsa kuti mamita 100 alionse atenge nthawi yofanana, osasiyana ngakhale sekondi imodzi. Alibe wotchi pamkono. Wotchi yawo ili m'thupi, anaiika m'menemo ndi zaka za kubwereza chinthu chimodzimodzi. Kuwerenga mizere kumasokonekera mutu ukatopa, monga momwe waganyu ndi mwini munda amakanganira kuti yakwana ingati, choncho kumapeto kwa kampata kalikonse kumakhala woyang'anira amene amaonetsa nambala ya mizere yotsala. Ikatsala iwiri amaliza belu. Mpikisano wambiri umathera pakati, kuyambira mamita 800 mpaka 1,200, pomwe chiyambi chili kutali, mapeto ali kutali, mapewa akutentha ndipo mtima ukuti tachepetsako pang'ono, palibe aone. Amene wakana mawu amenewo ndi amene amapambana. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake mpikisano umenewu sukoma kuonera kwa munthu wongodutsa. Chomwe chikuchitika chenicheni sichioneka ndi maso.

Tibwerere kwawo kwa mnyamatayu. Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,000 ndipo lili ndi anthu oposa 100 miliyoni. Munthu atha kuganiza kuti dziko lozunguliridwa ndi nyanja chotere liyenera kudzaza ndi akatswiri osambira. Sizili choncho, ndipo chifukwa chake mlimi aliyense achimvetsa. Kukhala pafupi ndi tchire lalikulu si kukhala ndi munda. Munda ndi malo oswedwa, oyezedwa, okhala ndi malire, omwe umapitako tsiku ndi tsiku. Mwana wa msodzi atha kudziwa madzi kuposa aliyense, koma mpikisano umafuna dziwe loyezedwa bwino, madzi osamalidwa ndi mankhwala, pampu yoyenda ndi magetsi, kochi woyima m'mbali ndi wotchi, ndi makolo otha kulipira zonsezi kwa zaka khumi mwana asanabweretse kalikonse. Komanso mtima wa anthu a ku Philippines uli pa basketball ndi nkhonya. M'zaka zomwe Arabejo ankasambira, dziko lonse linkaima chilili Manny Pacquiao akalowa mu ring'i, ndipo wosambira mizere 30 sakanalimbirana naye malo pa tsamba loyamba la nyuzi.

Komabe mbiri ya kusambira kumeneko si yaing'ono. Mendulo yoyamba yeniyeni ya dzikolo ku Olimpiki inachokera m'madzi. Teófilo Yldefonso anapata mendulo ya nambala 3 pa mamita 200 a kasambiridwe kachule ku Amsterdam mu 1928, n'kubwerezanso ku Los Angeles mu 1932. Iyeyu anali msilikali, ndipo anamwalira mu 1942 mu msasa wa akaidi a nkhondo ku Capas, m'manja mwa asilikali a Japan. Chichokereni iye, palibenso wosambira wa ku Philippines amene wakwera pa nsanja ya mendulo ku Olimpiki.

Mlimi amene munda wakwawo wamuchepera amakabwereka dimba kwina. Arabejo anapita ku America, ku sukulu ya Bolles mu mzinda wa Jacksonville ku Florida, yomwe imadziwika ndi kusula osambira ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Kochi wa kumeneko kuyambira mu 2007 anali Sergio López wa ku Spain, amene iye mwini anapata mendulo ya nambala 3 ku Olimpiki ya ku Seoul mu 1988. Moyo wa wosambira mtunda wautali pa malo otere ndi wa mlimi wa nthawi ya dzinja. Amadzuka kusanache n'kulowa m'madzi, amapita m'kalasi tsitsi lisanaume, madzulo amabwereranso m'madzi. Pa sabata amatha kusambira makilomita 50 kapena kuposerapo, maso ali pa mzere wakuda wojambulidwa pansi pa dziwe. Kochi atha kunena kuti lero musambira mamita 100 maulendo 30, ulendo uliwonse uyambike wotchi yapakhoma ikafika pakutipakuti. Ukafulumira upumako masekondi angapo, ukachedwa unyamuka osapuma. Palibe mpira woti uthamangitse, palibe mnzako woti ucheze naye, makutu ali m'madzi.

Pali kanthu kena ka ku America komwe kamavutitsa alendo. Masukulu a kumeneko amapikisana m'maiwe aafupi, a mayadi 25, omwe ndi osakwana mamita 23. Mpikisano wautali kwambiri wa m'maiwe oterewa ndi wa mayadi 1,650, mtunda wofanana pafupifupi ndi mamita 1,500, koma mizere yake ndi 66. Mizere ifupiifupi imapatsa munthu khoma loponda pafupipafupi, ndipo manja amapumako. Ukazolowera imeneyo n'kubwerera ku dziwe la mamita 50 la mipikisano ya mayiko, mzere umatalika modabwitsa. Wosambira ngati Arabejo ankayenera kudziwa minda iwiri yonseyi, wina wa sukulu yomwe ikumusunga, wina wa dziko lomwe akuliimira.

Mpikisano waukulu ukayandikira amachita chinthu chomwe poyamba chimamveka chopanda nzeru. Kwa sabata ziwiri kapena zitatu amachepetsa ntchito, kugona kwambiri, n'kumasambira pang'ono. Thupi lomwe lakhala lotopa kwa miyezi limabwerera m'chimake lili ndi mphamvu zoposa kale. Usiku womaliza amameta bweya bwonse bwa m'manja, m'miyendo ndi pachifuwa. Kochi akalakwitsa masiku, kupumitsa mochedwa kapena mofulumira, ntchito ya chaka chonse imalowa m'madzi, ndipo wosambira mtunda wautali sakhala ndi mipata yambiri yokonzera, chifukwa thupi silifika pachimake kangapo pa chaka.

Mu December 2007 zonse zinagwirizana. Masewera a SEA Games amachitika zaka ziwiri zilizonse ndipo amasonkhanitsa mayiko 11, monga Thailand, Indonesia, Malaysia, Singapore, Vietnam ndi Philippines. Chaka chimenecho anachitikira ku Nakhon Ratchasima m'dziko la Thailand. Arabejo, ali ndi zaka 18, anatenga golide pa mamita 1,500. Anatenganso golide pa mamita 200 osambira chagada, zomwe si zachilendo kwenikweni chifukwa manja a chagada ndi a freestyle amasinthana mofanana, koma zimaonetsa kuti sanali munthu wopirira chabe, liwiro analinso nalo. Anasambiranso gawo lachagada pa mpikisano wopatsirana wa anthu anayi, womwe timu yawo inapambana. Inali timu yamphamvu. Munali Miguel Molina, amene ankasambira mitundu yonse inayi, James Walsh, ndi Daniel Coakley wa mamita 50. Osambira a ku Philippines anabwerako ndi golide 8.

Kenako kunabwera Beijing. Kuti munthu akalowe m'dziwe la Olimpiki nthawi imeneyo, bungwe loyendetsa masewera osambira padziko lonse, lomwe linkatchedwa FINA ndipo lero ndi World Aquatics, linkaika nthawi ziwiri. Dziko lokhala ndi osambira ofika pa nthawi yovuta yotchedwa A linkatha kutumiza awiri pa mpikisano umodzi. Wofika pa nthawi ya B ankapita yekha. Panalinso khomo lachitatu la mayiko opanda wofika pa nthawi zonse ziwirizi, kuti nawo aonekereko, ndipo ndi khomo lomwe osambira a ku Malawi akhala akulowera, kawirikawiri pa mamita 50. Arabejo analowera pa nthawi ya B. Malo ake anachita kuwagwirira ntchito.

M'dziwe lija lotchedwa Water Cube, mu August 2008, anasambira m'chipulula n'kumaliza pa mphindi 15 ndi masekondi pafupifupi 40. Mu fainolo mumalowa anthu 8 okha, ndipo iye anali kutali nawo. Fainoloyo inali ya mbiri. Grant Hackett wa ku Australia, amene anapambana mu 2000 ndi mu 2004 ndipo anali ndi rekodi ya dziko lonse ya 14:34.56 kuyambira 2001, ankafuna golide wachitatu motsatizana. Anamulanda ndi Oussama Mellouli wa ku Tunisia pa nthawi ya 14:40.84, kusiyana kwake kosakwana sekondi imodzi pambuyo pa mizere 30. Mellouli anakhala mwamuna woyamba wa mu Africa kupata golide wa Olimpiki pa mpikisano wosambira wa munthu payekha.

Apa tikhale pansi tiwerengere limodzi, chifukwa yankho la funso lija lili mu masamu amenewa. Nthawi ya Mellouli mukaigawa ndi 30 mupeza kuti mzere uliwonse unkamutengera masekondi 29 ndi kanthu pang'ono. Ya Arabejo ikupereka masekondi 31 ndi kanthu. Kusiyana kwake ndi masekondi awiri pa mzere. Akanakhala kuti anasambira moyandikana, pa mzere woyamba mukanaona Mellouli ali patsogolo ndi mamita atatu okha, n'kunena kuti mnyamatayu ali momwemo. Pa mzere wa 15 mpatawo ukanakhala utayandikira kutalika kwa dziwe lonse. Mellouli pogunda khoma lomaliza, Arabejo akanakhala atatsala ndi mizere pafupifupi iwiri. Ganizirani alimi awiri amene apatsidwa mizere 30 aliyense. Woyamba, amene ndi katswiri wa dziko lonse lapansi, akuponya khasu pansi kuti wamaliza, winayo wangomaliza kumene mzere wa 28. Kumudzi munthu woteroyo sitimutcha waulesi. Timati ndi mlimi woopsa amene wakumana ndi woopsa kumuposa.

Koma ndisakunamizeni kuti masekondi awiriwo ndi ochepa. Pa msinkhu umenewo, kuchotsa theka la sekondi pa mzere uliwonse kumatha kudya zaka ziwiri za kudzuka m'bandakucha, ndipo ena sakuchotsa n'komwe. Malire a mphindi 15 anadumphidwa koyamba ndi Vladimir Salnikov wa ku Soviet Union ku Moscow mu 1980, Arabejo asanabadwe. Ndiye kuti nthawi yomwe inali yokwanira golide kum'mwera chakum'mawa kwa Asia mu 2007 inali yotsalira zaka zambiri kumbuyo kwa dziko lapansi. Zonse ziwiri ndi zoona, kuti anali pafupi komanso anali kutali. Cholakwika chomwe ndimachiona kwa ife oonera n'chakuti timangodziwa miyeso iwiri, mendulo kapena manyazi. Timu yonse ya Philippines inabwerako ku Beijing yopanda mendulo, ndipo n'zosavuta kunena kuti onse anangopita kukayenda. Koma mu timu yomweyo munali mtsikana wa zaka 17 wonyamula zitsulo, Hidilyn Diaz, amene naye anathera kumunsi. Mtsikana ameneyo ndi amene anadzapatsa dziko lake golide woyamba wa Olimpiki ku Tokyo mu 2021, pa ulendo wake wachinayi. Akanamuyeza ndi mendulo ya 2008, akanamuuza kuti akapeze china chochita.

Zaka za 2008 ndi 2009 zinalinso ndi chisokonezo chake. Makampani anatulutsa zovala zosambirira zothina kwambiri, zina zoyambira m'mapewa mpaka m'akakolo, zomwe zinkafinya thupi kuti lidutse bwino m'madzi, ndipo zina zinkathandiza munthu kuyandama. Chotchuka kwambiri poyamba chinali LZR Racer cha kampani ya Speedo. Marekodi anagwa ngati mango a m'dzinja, mpaka anthu anayamba kufunsa ngati akupikisana ndi osambira kapena osoka zovala. Zinali zodula ndipo zinkang'ambika msanga, choncho mayiko osauka ankayambira kumbuyo. FINA inaziletsa kuyambira January 2010. Chodabwitsa n'chakuti rekodi ya Hackett ya mamita 1,500 inapulumuka nyengo yonseyo, mpaka Sun Yang wa ku China anaiphwanya mu 2011 atavala kabudula wamba. Zikuoneka kuti pa mizere 30 khasu latsopano silithandiza kwambiri ngati msana wa mwini wake.

Mu December 2009, kutatsala masabata ochepa kuti zovala zija ziletsedwe, SEA Games inachitikira ku Vientiane, likulu la Laos. Arabejo anateteza golide wake wa mamita 1,500. Kwa ine chipambano chimenechi n'cholemera kuposa choyamba chija. Mu 2007 anali mnyamata wa zaka 18 chabe. Mu 2009 aliyense ankadziwa kasambiridwe kake, ndipo makochi a mayiko ena anali ndi zaka ziwiri zokonzekera kumugwetsa. Anali atalawanso kugonja ku Beijing, komwe kumafooketsa ambiri. Kukolola bwino chaka chimodzi atha kunena kuti inali mvula. Kubwereza pa munda womwewo anthu akuyang'ana, ndiye kuti ndi manja. Philippines inatenga golide 4 pa kusambira chaka chimenecho: awiri a Molina, mmodzi wa Coakley ndi mmodzi wa Arabejo.

Pambuyo pake anakaphunzira ku yunivesite ya Drury ku Springfield, m'chigawo cha Missouri, n'kumasambirira timu ya sukuluyo. Timu ya amuna ya Drury inatenga chikho cha dziko lonse cha gawo lachiwiri la mipikisano ya mayunivesite a ku America zaka khumi motsatizana, kuyambira 2005 mpaka 2014. Njira imeneyi ndi imene osambira ambiri a m'mayiko ang'onoang'ono pa masewerawa amatsata. Kusambira sikulipira ngati mpira, ndipo zaka zake ndi zochepa, choncho wanzeru amasinthanitsa mapewa ake ndi maphunziro nthawi ikadalipo.

Sukulu ya Bolles ija inadzaonetsanso kuti vuto silinali m'magazi a anthu a m'chigawocho. Joseph Schooling wa ku Singapore anaphunzira komweko, m'manja mwa Sergio López yemweyo, ndipo mu 2016 ku Rio de Janeiro anagonjetsa Michael Phelps pa mamita 100 a kasambiridwe kagulugufe, n'kupatsa Singapore golide woyamba wa Olimpiki. Pa mamita 1,500 penipenipo, udindo wa m'chigawocho unasamukira ku Vietnam, komwe Nguyễn Huy Hoàng anafika pansi pa mphindi 15 pa SEA Games ya 2019. Rekodi ya dziko lonse nayo inatsika kufika pa 14:30.67, yomwe Bobby Finke wa ku America anasambira ku Paris mu 2024.

Ku Philippines kunagwa chilala. Pambuyo pa golide wa Molina, Coakley ndi Arabejo wa mu 2009, SEA Games ya 2011, ya 2013, ya 2015 ndi ya 2017 zinadutsa dzikolo osapata golide ngakhale mmodzi pa kusambira. Anthu anazindikira kukula kwa anyamata aja atapita kale. Ambiri a iwo ankakonzekerera kunja, ndipo kwawo kunalibe gulu lokwanira loti lilowe m'malo mwawo. Chilalacho chinatha mu December 2019, pomwe dzikolo linachititsa masewerawa n'kumanga dziwe lamakono ku New Clark City, m'dera la Capas lomwe lija anafera Yldefonso. James Deiparine anapambana mamita 100 a kasambiridwe kachule, golide woyamba pa zaka khumi.

Olimpiki yotsatira ichitikira ku Los Angeles mu 2028, ndipo mamita 1,500 tsopano amasambira amuna ndi akazi omwe, chifukwa a akazi anawayambitsa ku Tokyo. Mukadzapeza mpata woonera, musadzangodikira fainolo. Mudzayambe ndi chipulula, gulu loyamba lomwe mumakhala anthu a mayina osadziwika ndi mbendera zomwe simunazione. Mudzasankhepo mmodzi, mutsegule wotchi ya pa foni, muzilemba nthawi ya mamita 100 alionse papepala. Ngati ya pa mamita 1,100 ikufanana ndi ya pa mamita 300, mudzaitane ana a m'nyumbamo abwere adzaone.